Kusaka Jafali

Lolemba lililonse Sisita Mathebula amatipatsa mndandanda,
pepala lofunda, longotuluka kumene m'makina:
awa adasowa, kawapezeni.
Kumbuyo kwawo, pakhoma, pali chikalata cha a zaumoyo,
zolinga za chaka chino m'mabokosi amitundumitundu:
chikuku pamwamba, chifuwa chachikulu pakati,
shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikukankhana m'munsi,
ndipo pakona pomwe pepala lidamatuka
pali timawu tonena za madzi.

Ine adandilemba ntchito chifukwa cha lilime.
Ndimatha kufunsa kuti mudayamba liti kutsokomola
m'chinenero chimene munthu amalotera.

Wachisanu ndi chimodzi sabata ino ndi Jafali Mkwanda,
telala,
adamwa mankhwala miyezi iwiri n'kuzimirira.
Kokhala: Mayfair, kuseri kwa shopu ya matayala.
Chitseko chilipo, mwini wake mulibe.
Mayi wa mandasi akuti adasamukira ku Yeoville.
Ku Yeoville akuti yesani ku Jeppe,
nyumba ija yopanda magalasi
yomwe magetsi adadula kalekale.

Ndikwera masitepe ndi tochi ya foni.
Chipinda chimodzi, makatani asanu ndi awiri,
kuseri kwa katani iliyonse kuli banja,
koma mpweya ndi umodzi womwewo,
ukuyenda pakamwa ndi pakamwa
ngati kapu ya madzi pamaliro.

Yunifolomu yangayi imabalalitsa anthu.
Akaona kabuku amayesa ndadzawerenga mapasipoti.
Ndiye ndimabisa cholembera,
n'kuyamba ndi odi wautali wa ku Balaka
mpaka katani imodzi igwedezeke.

Ndamupeza. Wapinda msana pamakina,
akusoka diresi la ukwati wa eni ake,
lamba wabooledwa mabowo awiri atsopano.
Akuti, achemwali, ine ndidachira.
Akuti, tsiku la pamzere abwana amalidula pamalipiro.
Akuti, pageti paja padaima anyamata a ndodo
ofunsa chiphaso munthu asanaone dokotala,
ndidabwerera ndi botolo langa la makhololo m'thumba.

Ndimuuze chiyani?
Kuti chifuwa chikagona sichidafe, changobisa mutu,
chikadzuka chidzakhala chitaloweza mankhwala onse?
Kuti dzulo chidakwera naye minibasi ku Bree,
mawindo otseka chifukwa cha chisanu,
anthu khumi ndi asanu, a ziphaso ndi opanda,
onse n'kulipira mtengo umodzi?

Ndangoti, mawa ndidzakutengani ndekha,
tidzalowera khomo la kumbuyo, kochapira.

Pansi pa tebulo pakukwawa kamtsikana, Asiyatu,
kakutafuna kansalu koyera.
Khadi lake la katemera lidanyowa pa Limpopo,
inki idasungunuka, padatsala dzina lokha.
Sali pamndandanda wanga.
Ndamulemba m'mphepete, pomwe makina sawerenga.

Lachisanu tibweza mapepala.
Bokosi lake ndi laling'ono ngati njere ya mpunga:
wapezeka, sadapezeke, adamwalira.
Mulibe malo a masitepe makumi asanu ndi atatu,
mulibe malo a ndodo za pageti.
Chizindikiro changa chikwera kumaofesi a m'tauni,
chikasakanikirana ndi zinzake zikwizikwi
n'kusanduka mzere wokwera pang'ono,
ndipo wina wa taye adzauloza ndi kamuni kofiira
nati, chaka chamawa titsogoze zina.

Kwamveka kuti ndalama za ife osaka zitha mu Malichi.
Sisita sadatsimikize, adangopukuta magalasi awo nthawi yaitali.

Jafali watsala ndi miyezi isanu ndi umodzi, poti tayambiranso.
Ndawerenga pa zala ndili m'minibasi:
Okutobala, Novembala, Disembala...
zikukwanira, koma mothina ngati nsapato yobwereka.

Ndisanatsike muja ndidamubwereka sizasi.
Windo lokhalo la chipinda chija adalikhomera katoni.
Ndidaboola. Mphepo ya pa Joni idalowa ndi fumbi lake,
wina kuseri kwa katani adatukwana,
diresi la mkwatibwi lidagwedezeka pang'ono.