Mphindi Khumi ndi Ziwiri ku Rębiechowo

Denga la sukulu likudontha chakumpoto,
pamwamba penipeni pa kalasi ya ana aang'ono,
ndipo makwerero a Zdzisław safikapo.
Ndiye anaitana ine ndi kandege kanga,
kopepuka kuposa buledi wa m'mawa.

Koma kuno thambo lili ndi eni ake.
Kuseri kwa mpanda wawaya ndege zochokera ku Oslo
zimatsika zitatambasula miyendo,
mazenera a sukulu n'kumanjenjemera.

Fomu ndinalemba Lolemba.
Dzina: Bogumiła Wrzosek. Nambala ya droni. Kulemera kwake.
Kakwera mamita angati, kuyambira nthawi yanji,
nanga kakasokonezeka mutu kadzagwera yani?
Funso limenelo ndinaliyang'ana
mpaka tiyi anazizira.
Lachitatu anandibwezera: mzere umene ndinajambula pamapu
unalowa m'dera la eni ndi kachala kamodzi.
Ndinafufuta, ndinajambulanso.

Lero ndaima pabwalo la mpira, zala zili gwaa,
batire ndalifungatira m'khwapa ngati mwanapiye.
Zdzisław akuti, "Ingoulutsani, mayi, akuona ndani?"
Sindikumuyankha.
Mng'ono wanga amatera pomwepa Lachisanu lililonse,
pampando wa pawindo, ali m'tulo.

Foni yalira. Mawu a munthu wa m'nsanja, osapupuluma:
"Mamita makumi atatu, osapitirira.
Muli ndi mphindi khumi ndi ziwiri.
Mukatera mutiuze."
Nkhope yake sindinaionepo,
koma wandibwereka kachigamba ka thambo
ngati mnansi wobwereketsa mchere pampanda.

Kandege kadzuka, kakulira ngati njuchi m'botolo.
Matailosi atatu osweka.
Ngalande yodzaza masamba ovunda,
mpira wa tenisi umene wina anaulirira chaka chatha.
Ndipo pachumuni chisa cha dokowe,
mwini wake ali chiimire ndi mwendo umodzi,
kuyang'ana diso langa lagalasi mopanda chidwi.
Ameneyu wadutsa malire angati
osalembapo fomu ngakhale imodzi?

Pamphindi ya chisanu ndi chinayi ndatsitsa.
Zitatu zotsalazo ndabweza ngati chenji.
"Ndatera."
"Tamva, zikomo."

Kenaka ya ku Oslo yatulukira m'mitambo,
yadzaza bwalo lonse ndi mthunzi wake,
mazenera ayambanso kunjenjemera.
Zdzisław wawerama pa chithunzi, akuwerenga matailosi ndi chala,
akufunsa ngati mbalameyo
nayonso tiilembere kalata
tisanakwere kukakonza.