Chigubu cha Lalanje

Nambala adandiuza Lachiwiri m'mawa,
pachipatala cha ku Bornova, chipinda chachitatu kumanzere:
makumi asanu ndi awiri kudza zinayi.
Dokotala Yıldıray adaizunguliza ndi cholembera chofiira
nati, "Tikadakonda ikadakwerako pang'ono."
Ngati mtengo wa nsomba pamsika.
Ngati pali wina woti ndikanenerere naye.

Ine Tayfun, wosenza mabokosi padoko
kuyambira ndevu zisanamere,
munthu wosadziwa fungo la bulangeti la m'chipatala,
lero pepala likuti impso zanga zimasefa mwaulesi.

"Mudadya chiyani dzulo lake?"
Nyama yootcha, mbale ziwiri, kwa mlamu wanga.
"Mumanyamula zolemera?"
Ndidangomuonetsa mikono.
Akuti minofu ikachuluka imataya zinyalala zambiri m'magazi,
kiriyatinini, dzina ngati la mankhwala a makoswe,
ndiye nambala imatha kunama.
Imathanso kunena zoona.
Mawu omalizawo adawanena akuyang'ana pakompyuta.

Tsono adandipatsa chigubu cha lalanje.
Usana ndi usiku, tsiku lathunthu,
dontho lililonse la mkodzo lilowe m'menemo.
Ndidachiika m'firiji pakati pa yogati ndi maolivi;
mkazi wanga Sevgül adachiyang'ana, nasuntha tchizi, osanena kanthu.
Kuntchito ndidachikulunga m'thumba lakuda,
anzanga n'kumati ndayamba kubisa mowa.
Pakati pa usiku, tulo tili m'maso,
ndidatsala pang'ono kuiwala.
Ndidaima pakhomo la chimbudzi, mtima uli thithithi
ngati ndafuna kugwetsa khanda.

Nergis sakudziwa za nambalayi.
Lolemba, Lachitatu, Lachisanu
amakhala maola anayi pampando wa dayalisisi,
magazi ake kutuluka, kukazungulira m'makina, kubwerera,
iye akuluka mpango womwe sukutha.
Madzi amamwera m'kagalasi ka tiyi,
kuwerenga magalasi ngati ndalama za lendi.
Mlongo wanga yemwe uja adandiphunzitsa kusambira ku Foça,
atandigwira pamimba, akukuwa, "Menya miyendo, mbuzi iwe!"
Dzulo adandifunsa, "Zikuyenda bwanji?"
Ndidati, "Akuyezabe."
Si bodza.
Koma lidandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Ndinkayesa kupatsa n'kungotambasula dzanja.
Sindinkadziwa kuti mphatso amayamba aiika pasikelo,
wolandira ali panja, akudikira.
Namwino adati, "Sitikuganizira iye yekha.
Yotsalayo idzakusenzani yokha, zaka makumi atatu, mwina anayi.
Sitifolera nyumba ina pozula denga la inzake."
Ndidamukwiyira njira yonse mpaka pasiteshoni.
Mkwiyo utaphwa, padatsala funso
lomwe sindidauze ngakhale Sevgül:
nanga ngati odwala m'banja muno tili awiri?

M'mawa uno ndakwera chombo kuchokera ku Karşıyaka,
chigubu pamiyendo, chozizira, malita awiri ndi pang'ono,
mbalame zikulimbirana nyenyeswa za buledi kumbuyo kwathu.
Mayi wina wandisunthira malo,
wafunsa ngati ndi mafuta a maolivi ochokera kumudzi.
Ndati eya.
Ndasenza zambiri pa moyo wanga,
ayezi, zingwe, injini ya boti, bokosi la maliro a bambo,
koma ichi ndachigwira ndi manja awiri.

Kulabotale mtsikana wachilandira osakweza maso,
wamata dzina langa, wati zotsatira Lachinayi.
Zikapanda kumveka bwino pali kuyeza kwina,
kwa jakisoni ndi makina ojambula.
Ndatuluka manja ali pululu.

Panja ndagula botolo la madzi, ndamwa theka,
theka linalo ndaliyang'ana nthawi yaitali.
Kenako ndapisa dzanja m'malaya, kumsana, pansi pa nthiti,
kumanzere, kenaka kumanja,
ngati wogogoda pazitseko ziwiri za anthu ogona.
Zaka zonsezi sitidalankhulanepo.
Inu awiri, mwamva?
Lachinayi.