Kuloza Chosaoneka

Malata a kwa Mpondasi amasanduka chiwaya
ikangodutsa naini koloko,
n'chifukwa chake ndinalawirira,
sipanala ya teni kukamwa, waya paphewa,
makwerero obwereka akunjenjemera kunsi kwa mapazi anga.

Dishi inabwera pa basi kuchokera ku Joni
itakulungidwa m'bulangete lofiira,
pakatoni atalemba: Abiti Mkwanda, Mangochi, osaponya.
Mwini wake sanatsike nayo.
Chaka chachinayi chino, akuti mapepala sanatheke.

Anthu amayesa ntchitoyi ndi kumanga mabawuti.
Ayi. Ndi kuloza chinthu chimene sunachionepo,
chopachikika kuseri kwa mitambo,
chosaphethira ngati nyenyezi, chosalira ngati ndege,
chongokhala phee pamalo pake
kudikira kuti uchipeze ndiwe.

Ndinayika kampasi pachikhato,
kutali ndi denga, poti chitsulo chimainamiza.
Kum'mawa, kupendekera pang'ono kumpoto,
kumene msewu umakwera mapiri a ku Namwera.
Che Ajasi, pochokera kumzikiti, anaima pampanda:
"Kodi nayonso imayang'ana ku Maka?"
Ndinati ayi bambo, iyi kibula yake ndi ina.
Anaseka mpaka kutsokomola.

M'nyumba, pamkeka, Shamimu wa Sitandade faifi
ndiye anali maso anga.
"Zili pa angati?"
"Ziro!"
Ndinakankha pang'ono, ngati kutembenuza khanda logona.
"Ziro yemweyo!"
Ndinakweza chibwano cha dishi.
"Thwelofu! Thwente! Aa, yathawanso!"

Wolakwa anali mtengo wa mango.
Nthambi imodzi yokha, yolemedwa ndi zosapsa,
itaima ndendende panjira ya siginolo.
Ndinapempha chikwanje.
Abiti Mkwanda anapukuta manja pachitenje:
"Umenewo anadzala yekha, sabata yomwe Shamimu anabadwa.
Sunthani mbale yanuyo. Mtengo usiyeni."

Ndinazula zonse.
Ndinaboolanso khoma la kuseri,
fumbi la njerwa m'maso, thukuta lili kamukamu,
ndikuimika chitsulo mpaka kathovu ka levulo katakhala pakati,
pakuti tsinde likapendama
zonse za pamwamba zimanena bodza.
Kenaka pang'onopang'ono,
kumanzere, kudikira, kumanzerenso, kudikira,
poti dikoda siyankha msanga, ili ngati mlamu wamanyazi.
"Fifite! Sikisite-eyiti!"
Ndinapotoza kadiso ka kutsogolo
monga potsegula botolo la mankhwala.
"Eyite-thuu! Anthu aoneka! Akuyankhula!"

Apa m'pamene anzanga ambiri amagwera.
Ukamanga nati ndi chimwemwe
dishi imasuntha mulingo wa tsitsi limodzi,
ndipo kumwambako tsitsi limodzi
ndi mtunda wa pano ndi ku Liwonde.
Ndinamanga mosinthanitsa, iyi pang'ono, iyo pang'ono,
mpweya nditaugwira
ngati wolowetsa ulusi pasingano.
"Ikadali pomwepo?"
"Ikadali!"

Nditatsika ndinapeza ana asanu ndi awiri pakhomo,
ena sindikudziwa anatulukira kuti.
Pagalasi panali msewu wa mzinda waukulu,
maminibasi, utsi, anthu ochuluka ngati nyerere za pashuga.
Abiti Mkwanda sankamvetsera wowerenga nkhani.
Ankayenda ndi maso nkhope ndi nkhope
m'gulu la anthu odutsa kumbuyo kwake.

"Nanga mvula ikabwera?" anafunsa osacheuka.
Ndinati zidzadukaduka, mwina kuda bii,
koma mtambo ukadutsa zimabwerera zokha,
bola dishi isasunthe.

Anayang'ana foni yomwe inali pawindo,
chete kuyambira mwezi wa Ramadani.
"Bola isasunthe," anatero,
n'kumasula mfundo ya pachitenje kundiwerengera ndalama.

Ndinanyamula makwerero kukabweza.
Pokhota pa chigayo ndinacheuka:
mbale yoyera ili njo pakhoma,
khutu litatchera kumene kulibe kanthu kooneka,
ndipo nthambi ija, yosadulidwa,
ikugwedezeka ndi mango ake pambali.