Buku Lopanda Chikuto

Ndinaligula pansi, m'mbali mwa Cairo Road,
pakati pa machaja a foni ndi nsapato za salaula.
Daka, wogulitsayo, anati makwacha makumi atatu.
Ndinati awiri.
Anati tengani, masamba oyamba chiswe chinadya.

Choncho buku lonena za chiyambi cha zonse
ndinaliyambira patsamba lakhumi ndi chiwiri,
dziko litazizira kale,
mvula itagwa kale zaka zosawerengeka
popanda denga loti lidonthe,
popanda munthu wothamangira kukaanula zovala.

Mu minibasi ya ku Kalingalinga
ndinawerenga kuti miyala yotuwa ngati yathuyi
inali matope pansi pa nyanja.
Nyanja! Kuno?
Kuno komwe timandandalika zigubu pampopi
tambala asanalire?
Kondakitala anandigwedeza phewa: abwana, ndalama.

Usiku, magetsi atathima,
ndinaunika ndi foni chithunzi cha chigaza
chomwe anachifukula mumgodi ku Kabwe.
Mphumi yake yotong'oka. Mano obooka.
Lilime langa linapita lokha
padzino lija lakumanzere
lomwe ndakhala ndikuzengereza kukazulitsa chaka chonse,
ndipo ndinamumvera chisoni munthuyo
ngati malume anga
amene sindinapite pamaliro awo.

M'mawa ndinapeza mai Velentina ali kale pamulu wawo,
miyendo atatambasula, duku litayera mbuu,
akuphwanya miyala yogulitsa pa wilibala.
Ndinati, amai, mukudziwa kuti mukuswa nyanja?
Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.
Anapukuta thukuta ndi mkono.
Kani, anatero, n'chifukwa chake imandipatsa ludzu.
Nyundo inagwanso.

Ndinaima pomwepo ngati wasochera
mumsewu womwe ndinabadwira.
Fumbi linkatera pamasamba,
pamayina aatali amene lilime langa limapunthwapo,
ndipo sindinalisase.

Kenako anafufuza pamulupo,
nasankha kamwala kaphanthiphanthi, kamizere yopyapyala.
Kaikeni m'bukumo, anatero,
mungaiwale pomwe mwalekezera.
Aka sindikulipiritsani.

Lero ndafika kumapeto.
Masamba otsiriza nawonso palibe;
wina anakulungira nsawa, kapena anakolezera mbaula.
Chiganizo chomaliza chathera panjira,
pakamwa pali yasa.

Ndatseka buku. Kamwala kalitukumula pakati.
Panja, kuseri kwa mpanda,
ko, ko, ko,
mai Velentina akupitiriza.