Kufunafuna Elifala

Lachinayi ku saluni ya ku Yeoville sindigwira ntchito,
ndiye ndinakwera takisi, envulopu ya khaki ili m'chikwama:
chithunzi chimodzi chodyedwa ndi njenjete,
kalata imodzi,
ndi dzina limene amayi amalitchula motsitsa mawu, Elifala Mtambalika.

Mayi Sithebe a ku laibulale ali ndi magalasi awiri,
ena pamphuno, ena anawaiwala pamutu.
Anati, usayambe ndi munthu, mwanawe,
munthu sapezeka msanga muno.
Yamba ndi nthawi yake.

Anandiunjikira mabuku mpaka m'chibwano.
Mapu a migodi imene inatsekedwa ndisanabadwe,
malipoti a Wenela, chaka ndi chaka:
amuna zikwi zakuti anabwera kuchokera ku Nyasalandi,
zikwi zakuti anabwerera.
Pakati pa manambala awiriwo pali dzenje
limene palibe analilemba.
Kwathu ku Dowa dzenje limenelo timalitcha utchona.

Ndinawerenga za sikelo yoyezera mnyamata
ngati belo la fodya ku okushoni,
za mabedi a simenti m'komponi, munthu pamwamba pa mnzake,
za chikepe chotsika m'bandakucha dzuwa lisanaone nkhope zawo,
za fumbi lolowa m'mapapo mwakachetechete
n'kukamanga nyumba ya mwala mmenemo.

Kalata yawo ndimaidziwa pamtima.
Ndili bwino. Kuno kukuzizira.
Ndatumiza bulangeti ndi mapaundi atatu.
Mwana akakhala wamkazi mumutche Dalesi.
Basi, yathera pomwepo.
Zimene "ndili bwino" anafunditsa
ndazipeza lero, zosafunda, m'buku la munthu wina.

Chakumasana anandibweretsera kaundula.
Elifala mulibe. Muli ma Eliyasi anayi,
kalaliki ankafupikitsa zimene lilime lake lakana.
Mmodzi mwa iwo: Tambalika. Mtundu, Mnyasa.
Mudzi, inki inadyedwa ndi chinyontho.
Kenako nambala yaitali kuposa dzina,
ndi chidindo cha chala chachikulu
chopendekeka, ngati wina anachita kumugwira dzanja.
Ndinasendeza chala changa.
Mayi Sithebe anatsokomola: pepala siligwiridwa choncho.

Ndi iwo? Kaya.
Chala sichiyankha akachifunsa mdzukulu.
Mwina ndi agogo a munthu wina wa ku Mzimba
amene nayenso akusunga envulopu.
Ndinakopera nambalayo kuseri kwa risiti ya mankhwala a tsitsi.

Pobwerera ndinaziona bwino zulu zachikasu zija m'mbali mwa msewu,
zimene zaka zisanu ndakhala ndikuziyesa mapiri.
Dothi lonselo anthu anachita kulitulutsa pansi.
Fosholo zingati mmenemo ndi zawo?
Pa loboti apolisi anaimitsa takisi,
dzanja langa linathamangira lokha ku pasipoti,
ku nambala yanga, ku chala changa
chimene nanenso ndinadinda pa chipata.

Usiku amayi anaimba, mawu akudukaduka.
Wawapeza?
Ndinati ndapeza pamene ankagona,
nthawi imene ankadzuka, njira imene anadzera,
ndalama imene ankalandira pa tsiku.
Eni akewo ayi.
Anakhala chete mpaka ndinayesa mayunitsi atha.
Kenako, a Dalesi, nkhalamba ya zidzukulu zisanu ndi ziwiri,
anafunsa ngati kamwana: ankawapatsa ndiwo zanji?

Ndinawauza.
Nanga iwe, uli bwanji kumeneko?
Ndili bwino, amayi.
Kuno kukuzizira.