Kadontho Kobiriwira

Ndine mlonda wopanda chibonga.
Ndimalondera masamba a boma a pa intaneti
m'chipinda chapansi kuno ku Tartu,
komwe dzuwa la Januwale limalowa
khofi wamasana asanazizire.

Pakhoma pali timadontho makumi anayi ndi tiwiri:
aka nka misonkho, aka nka penshoni,
ako nka makanda obadwa kumene.
Mphindi iliyonse kamakina kathu
kamagogoda pakhomo lililonse: odi?
Khomo likayankha, kadontho kamabiriwira.
Likangoti zii, kamafiira,
ine n'kudzutsa Kalev,
amene amayamba kutukwana asanayatse nyali.

Usiku wa Lachitatu khoma lonse linali biriwiri.
Ndinavula nsapato. Ndinasenda lalanje.

Foni inalira 2 koloko itangokwana,
nambala yosochera, yochokera ku chilumba cha Hiiumaa.
Mayi Virve Põld. Mawu ouma ngati chikuni.
Amuna awo, a Endel, anatsikira kulichete Lolemba,
ndipo fomu ya chithandizo cha maliro
ikukana kupita.
Adina batani kakhumi ndi kasanu,
kagudumu kakungozungulira, kuzungulira.
Tulo alibe, ndiye akuwerenga.

Ndinayang'ana pakhoma.
Kadontho kawo kanali phee, kobiriwira mopanda manyazi.
"Mayi, kuno zikuoneka kuti zonse zili bwino."
"Kumeneko," anatero. "Kumeneko zili bwino."

Ndinaluma lilime.

Kamakina kathu nkaulemu kwambiri:
kamagogoda, kakamva "lowani" kamabwerera.
Sikanakhalepo pampando,
sikanalembepo tsiku lomwalira la munthu,
kalibe dzina loti fomu ilitsamwe.
Ndinalowa ndekha, sitepe ndi sitepe,
mpaka ndinapeza munga:
zimene anakonza anzathu madzulo
zinkakana chilembo chachiwiri cha Põld,
chija chosenza kafunde pamutu.
Kachilembo kamodzi.
Bambo anakhala nako zaka makumi asanu ndi awiri
popanda wowafunsa.

Kalev anatukwana, anayatsa nyali, anakonza.
Mayi sanadule foni nthawi yonseyo.
Ndinkamva ketulo, mphepo ya kunyanja,
ndi galu wokanda chitseko
kudikira munthu amene sabweranso.

Itadutsa 4 koloko ndi mphindi khumi:
"Dinaninso, mayi."
Chete.
"Yapita," anatero. "Amulandira."
Sanathokoze, ndipo ndinawamvetsa.

M'mawa lipoti linadzilemba lokha:
palibe khomo linatsekeka, ngakhale sekondi imodzi.
Abwana adzamwetulira pamsonkhano.
Ndinafunafuna bokosi lolembamo
maola awiri ndi mphindi khumi a mayi mmodzi,
osawerengera kudina kuja kakhumi ndi kasanu.
Bokosi lotero mulibe.
Ndinalemba m'mphepete, ndi pensulo.

Tsopano kamakina ndakaphunzitsa kulowa mpaka mkati,
kulemba dzina lopeka la kafunde pamutu,
kudina batani, kudikira yankho.
Komabe khoma likabiriwira lonse
nsapato sindivula.

Kunja chipale chofewa chakwirira njinga yanga.
Makoko a lalanje aja aumira patebulo.