Galu Wobiriwira

Ku Mbare m'bandakucha,
malole a ku Mutoko akamatsitsa mabokosi a tomato,
anzanga amasankha ndi maso.
Ine ndimasankha ndi chala chachikulu.
Wakupsa amagonja pang'ono ukamudina,
wamuwisi amalimba ngati chipumi cha wangongole,
ndipo pakachitsa pake pamakhala fungo
lomwe silinandinamizepo.

Zaka makumi atatu pa benchi lomweli.
Ogula amati bambo awa ali ndi diso.

Diso lake liti?
Kwa ine kufiira ndi kubiriwira ndi mapasa
obwerekana malaya,
onse mtundu wa njerwa yonyowa.

Ndinadziwa mochedwa, ndevu zitamera kale,
tsiku lomwe ndinkafuna ntchito ya njanji.
Dokotala anatsegula buku la madontho,
amvekere, werenga nambala.
Ndinapendeketsa mutu, ndinatsinzina diso limodzi,
ndinangoona mawere omwazika pamphasa.
Tsamba lina. Mawere omwewo.
Ndinati mulibe nambala umu, adokotala.
Analemba kanthu osandiyang'ana,
ndipo sitima zinapita ku Bulawayo popanda ine.

M'basi yobwerera ku Mabvuku zonse zinabwera pamodzi:
sokosi zosiyana pa ukwati wa mlongo wanga,
nyama yomwe ndinkaphula ikadali ndi magazi,
mkwapulo wa aphunzitsi pa mapu
pomwe ndinapaka nkhalango mtundu wa chipululu.
Iwo ankati ndimachitira dala.
Ine ndinkati mwina ndine wogona.

Maloboti a mu tauni ndimawawerenga ngati makwerero,
lapamwamba ima, lapansi pita.
Magetsi akathima ndimaseka chamumtima
kuona madalaivala a makombi akuyang'anana,
aliyense akuwerenga nkhope ya mnzake,
mzinda wonse utalowa m'kalasi mwanga.

Okutobala akafika anthu amati pepo, pepo,
taonani jakaranda.
Ine ndimaona thambo litakodwa m'nthambi,
likuyoyokera pa magalimoto oimikidwa.
Mkazi wanga Nasiwelo anayesapo kundithandiza,
anati pepo ndi buluu amene wamwa kofiira pang'ono.
Ndinavomera kuti tigone.

Dzulo kunabwera mwana wanga Ndaziona,
dzina lomwe ndinam'patsa ndine, osaganiza,
atagwira pepala la mwana wake Fatsani.
Aphunzitsi alemba mzere waukulu
ndi cholembera chomwe akuti ndi chofiira:
kulibe galu wobiriwira.

Mnyamatayo anaima pakhomo, mlomo ukunjenjemera.
Agogo, si mmene alili Taiga?

Ndinatenga pepala, ndinapita nalo pawindo.
Khutu limodzi lopindika, mchira wodulidwa,
nthiti zitatu zikuoneka.
Ndinayang'ana panja pomwe Taiga anagona pansi pa mpopi.
Ndinayang'ananso pepala.
Galu yemweyo. Ubweya womwewo.
M'zaka zanga zonse
sindinaonepo chithunzi chonena zoona chotere.

Chinthuchi chinadutsa mwa Ndaziona mwakachetechete
ngati madzi oyenda pansi pa mchenga,
n'kukatumphukira mwa mwana wake.
Iye analira, anati ndamupatsira ndine.
Ndinati iyayi, wangonyamula katundu wanga,
sunadziwe chomwe chinali m'thumba.

Usiku tinakhala pa tebulo atatu.
Ndaziona ankatchula, ine ndikulemba pa timapepala,
Fatsani akumata pa makrayoni:
uyu bulauni, uyu girini,
uyu ndi amene aphunzitsi amamufuna pa galu.
Tiwapatse chomwe akufuna, ndinatero,
koma pepala ili usataye.

Loweruka ndidzapita naye ku Mbare.
Ndidzaika tomato awiri m'manja mwake,
wina wa lero, wina wa sabata yamawa,
ndipo sindidzamuuza kanthu.
Ndidzangodikira chala chake.